CHIFUKWA NINJI ANGEREZI ASUNGABE CHOMBO CHA VICTORY?

Mu mzinda wa Portsmouth, kumwera kwa dziko la England, muli chombo cha nkhondo cha matabwa chimene chinayandama pa madzi nthawi yoyamba pa 7 May, 1765. Dzina lake ndi Victory, ndiko kunena kuti Chipambano. Chombochi chinaleka maulendo ake a pa nyanja m'chaka cha 1812, ndipo kuyambira pa 12 January, 1922, chakhala pouma, m'dooko lophwetsedwa madzi, kumene anthu zikwi zambiri amadza kudzachiona chaka ndi chaka. Ngakhale ziri tero, dzina lake likali m'kaundula wa zombo za nkhondo za Britain, ndipo chiri ndi mkulu wochiyang'anira pamodzi ndi asilikali ake. Pa zombo zonse za nkhondo za m'dziko lapansi zimene zikali m'kaundula wotere, palibe china chakale koposa ichi.

M'chaka cha 2022 anayamba nchito yaikulu yochikonzanso, imene akuti idzatha zaka zoposa 10, ndi kudya ndalama zofika pa £40,000,000 kapena kupitirirapo. Munthu wa nchito ya Boma, amene adziwa kuvuta kwa kupempha ndalama za denga la sukulu imodzi yokha, sangalephere kufunsa ngati nkoyenera kutaya chuma chotere pa chombo chimene sichidzayendanso, ndiponso chimene matabwa ake ambiri sali aja amene chinamangidwa nao poyamba.

Angerezi achita bwino pochisunga, koma chifukwa chake chenicheni si chimene ambiri amachitchula. Ambiri amati chisungidwa chifukwa cha Horatio Nelson, kazembe wa zombo amene anafera m'menemo. Koma Nelson ali nazo kale zomkumbukira: manda ake ali m'kachisi wa St Paul's, ndipo chipilala chake cha mapazi 169 chiri chiriri pakati pa London. Chimene chipilala sichingathe kuonetsa, koma chombo chokha, ndicho moyo wa anthu 820 amene anagona, kudya, kukwapulidwa ndi kufa pansi pa mapazi a kazembeyo. Ndalamazo ziri pa nchito yabwino pokhapokha ngati nkhani ya anthuwa isimbidwa yonse, yokoma ndi yowawa yomwe.

KUMANGIDWA KWAKE

Amisiri anaika mtengo woyamba wa msana wa chombochi ku Chatham pa 23 July, 1759, motsata mapulani a Sir Thomas Slade. Panagwa mitengo ngati 6,000, ndipo yambiri mwa iyo inali ya oak, mtengo wolimba wa ku Ulaya umene umatha zaka 100 usanakhwime bwino. Motero nkhalango imene inalowa m'chombomo inamera agogo a amisiriwo asanabadwe. Nkhondo imene anachimangira inatha nchito iri mkati, kotero kuti mafupa ake anakhala zaka zingapo akuuma asanakhomerepo matabwa, ndipo akatswiri ambiri amati kuchedwa kumeneku ndiko kunachilimbitsa. Mtengo wake wonse unali £63,176.

Utali wake wonse ndi mapazi 227, ndipo pa mlingo wa madzi zipupa zake nzochindikala pafupifupi mapazi 2. Chinali ndi milongoti itatu, chinkatha kutambasula matanga 37, ndipo zingwe zake zikanalumikizidwa pamodzi zikanapitirira mamailosi 25. Chinalowa nchito ya nkhondo mu 1778, chinamenya nawo nkhondo ya ku Cape St Vincent mu 1797, ndipo pakati pa 1800 ndi 1803 anachikonzanso ndi £70,933, ndalama zoposa zimene anachimangira. Awerengi asunge mfundo imeneyi: chombo cha matabwa chimayamba kuola tsiku lomwe chalowa m'madzi, ndipo Victory chinali kale chombo cha zigamba pamene Nelson anakweza mbendera yake pa icho mu 1803.

ZIMENE MLENDO AMAONA

Mlendo wofika pa dooko masiku ano sapeza chombo chonga cha m'zithunzi za m'mabuku a sukulu. Nsonga za milongoti anazitsitsa mu 2011, ndipo tsinde la mlongoti waukulu analizula mu 2021. Pansi pake anapezapo kakobiri ka m'chaka cha 1894, kamene amisiri anaikapo monga mwa mwambo wa amalinyero. Pa nsanja yapamwamba, chakumbuyo, pali kachitsulo konyezimira kokhomeredwa pa thabwa, kosonyeza pamene Nelson anagwera. Pansi pa nsanjayo pali zipinda za kazembe, zowala ndi mazenera ambiri, ndi gome lalitali la maphwando. Alendo ambiri amachedwa pamenepa, najambula zithunzi. Koma phunziro lenileni la chombochi liri pansi, ndipo likulirakulira munthu akamatsika makwerero.

Nsanja za mizinga ziripo zitatu. Chombo chonse chinanyamula mizinga 104, ndipo yaikulu, ya pa nsanja yapansi, inkaponya chipolopolo cha chitsulo cholemera mapaundi 32. Mzinga umodzi wotere unkalemera pafupifupi matani atatu, ndipo unkafuna anthu oposa 10 oukoka ndi zingwe, kuupukuta, kuthiramo wonga ndi kuukankhiranso pa zenera lake. Yambiri mwa mizinga imene iri m'menemo tsopano ndi yofanizira, yopepuka, pakuti yeniyeni ikanathyola chombo. Denga nlofupika, kotero kuti munthu wamtali ayenera kuwerama. M'malo omwewa, pakati pa mzinga ndi mzinga, ndimo m'mene anthu mazana angapo ankadyera ndi kugona. Usiku ankapachika machila a chinsalu, ndipo lamulo linkapatsa munthu aliyense mainchesi 14 okha m'lifupi. Zinkatheka chifukwa chakuti theka la anthu linkakhala pa ulonda pamene theka lina liri m'tulo. Nyanja ikakalipa mazenera a mizinga ankatsekedwa, ndipo m'katimo munkakhala mdima, chinyezi ndi fungo la anthu.

Chakudya chao chinali nyama ya mchere ya m'migolo, nsawawa zouma, phala, ndi mabisiketi ouma gwa amene kawirikawiri ankakhala ndi anankafumbwe. Madzi a m'migolo sankachedwa kununkha, motero munthu ankalandira galoni ya mowa wosawawa pa tsiku, kapena kachasu wa nzimbe wosakaniza ndi madzi. Kuyambira 1795 ankapatsidwanso madzi a mandimu, amene anathetsa nthenda yotupitsa usinini ndi kugwetsa mano, nthenda imene kale inkapha amalinyero ambiri koposa adani. Kunena zoona, mmphawi wa kumtunda m'masiku amenewo sankadya nyama kawirikawiri monga mmalinyero. Koma mwambo unali wa chitsulo. Woledzera, wakuba kapena wachipongwe ankamangiriridwa pamaso pa anzake onse, nakwapulidwa pa msana ndi mkwapulo wa zingwe 9.

Pansi pa zonse, kunsi kwa mlingo wa madzi, kuli nsanja yopanda zenera ndi limodzi lomwe. Kumeneko ndiko ankatsitsira ovulala, chifukwa zipolopolo sizinkafikako kawirikawiri. Dotolo William Beatty ndi omthandiza ake ankadula miyendo ndi manja ndi mpeni ndi sowo, mwa kuwala kwa nyali, popanda mankhwala ogonetsa, pakuti anali asanadziwike. Ambiri mwa ovulalawo sanalasidwe ndi chipolopolo chenicheni iai, koma ndi zibenthu za matabwa zimene zinkauluka chipolopolo chikaboola chipupa. Nelson anafera m'malo omwewa, pakati pa anthu wamba, ndipo mlendo amene waima pamenepo mowerama amamva za nkhondo zimene buku silingamuuze.

Nanga anthu amenewa anali ayani? Kaundula wa chombo wa m'chaka cha 1805 wasungidwa, ndipo aonetsa dzina, msinkhu ndi kwao kwa munthu aliyense. Ambiri anali a ku England, Ireland, Scotland ndi Wales, koma munalinso anthu a mitundu ngati 20: a ku America oposa 20, a ku West Indies, a ku Sweden, a ku Malta, a ku India, wobadwira mu Africa, ndiponso Afalansa angapo amene anamenyana ndi abale ao. Ena analowa mwa kufuna kwao, koma ambiri ndithu anagwidwa mokakamiza m'madooko ndi m'zombo za malonda, pakuti lamulo linkalola magulu a asilikali kugwira amalinyero pa nthawi ya nkhondo. Munalinso anyamata, ena a zaka 12 zokha, otumikira akulu ndi kuthandiza kunyamula wonga. Pa tsinde la chipilala cha ku London, m'chithunzi cha mkuwa cha imfa ya Nelson, muli mmalinyero wakuda wogwira mfuti. Mmisiri amene anachiumba sanapeke. Anaika chimene chinaliko.

TSIKU LA TRAFALGAR

Pa 21 October, 1805, pafupi ndi Cape Trafalgar kumwera kwa Spain, zombo 27 za Britain zinakomana ndi zombo 33 za France ndi Spain, zotsogozedwa ndi kazembe Villeneuve. Mwambo wa masiku amenewo unali wakuti magulu awiri andandalike mizere yoyang'anizana, naomberane. Nelson anakana mwambowo. Anagawa zombo zake m'mizere iwiri, wina wake, wina wa kazembe Collingwood, nalunjika pakati pa mzere wa adani kuti audule zidutswa. Asanayambe anakweza mbendera zouza zombo zonse kuti dziko la England liyembekeza kuti munthu aliyense achita udindo wake. Choopsa cha nzeru imeneyi chinali chakuti mizinga ya chombo iri m'nthiti mwake, motero chombo cholunjika mdani sichingathe kubwezera. Mphepo inali yofooka tsikulo, ndipo Victory chinayenda pang'onopang'ono kwa mphindi ngati 40 chikuomberedwa, chosayankha. Chiongolero chake chinasweka, ndipo anthu 40 anachita kukoka tsigiro ndi zingwe ali pansi.

Chitaboola mzerewo, chinaomba mizinga yake kumbuyo kwa Bucentaure, chombo cha Villeneuve, ndipo kenaka chinakolana ndi chombo cha Afalansa chotchedwa Redoutable. Nthawi itangopitirira 1 koloko masana, msilikali wina amene anali pa mlongoti wa Redoutable analasa Nelson pa phewa lamanzere, chipolopolo nichithyola msana. Anamwalira cha m'ma 4.30, atamva kwa Kaputeni Thomas Hardy kuti nkhondo yapambanidwa. Anali wa zaka 47, ndipo anali atataya kale kuona kwa diso lamanja mu 1794 ndi mkono wamanja mu 1797. Mtembo wake anausunga mu mgolo wa mowa waukali kufikira kwao, nauika pa 9 January, 1806. Adani anataya zombo 18 tsikulo, Angerezi osataya ndi chimodzi chomwe. Pa Victory panafa anthu 57, navulala 102. Mwa Angerezi onse anafa ngati 450, ndipo mwa Afalansa ndi a ku Spain oposa 4,000. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Nzeru inali ya Nelson, koma inatheka chifukwa anthu a pansi aja ankaomba mizinga mofulumira koposa adani ao.

Aphunzitsi asamale pa mfundo imodzi. Kawirikawiri kumanenedwa kuti Trafalgar inaletsa Napoleon kuoloka kukathira nkhondo England. Zoona zake nzakuti asilikali amene iye anasonkhanitsa ku Boulogne anali atachokako kale mu August 1805, kupita kukamenyana ndi Austria, ndipo mu December anapambana ku Austerlitz. Chimene Trafalgar inachita chinali chachikulu koposa: inasiya Britain yopanda wopikisana nayo pa nyanja kwa zaka ngati 100, ndipo ufumu wake wa kutsidya kwa nyanja unakula pansi pa mthunzi wa zombo zake.

ADANI AMENE ANATSALA PANG'ONO KUCHITHA

Mizinga ya Afalansa inalephera kumiza Victory, koma mphwayi za eni ake zinatsala pang'ono kuchitha. Mu 1831 akulu a zombo analamula kuti chiphwasulidwe, ndipo chinapulumuka chifukwa cha kudandaula kwa anthu. Chinakhala zaka zambiri chiri chimangire pa dooko, chikuola mwakachetechete. Mu 1903 chombo chachitsulo chotchedwa Neptune, chimene ankachikoka kupita nacho kokachiphwanya, chinaduka zingwe nichiboola Victory m'nthiti. Chodabwitsa nchakuti chombo chimene chinakoka Victory kupita nacho ku Gibraltar itatha nkhondo ya Trafalgar chinalinso Neptune dzina lake. Pofika 1921 zinaoneka kuti chikhoza kumira pomwe chinaimapo. Amene anachiombola si Boma iai, koma bungwe la anthu okonda mbiri ya zombo, la Society for Nautical Research, limene linayenda ndi mbale kupempha ndalama, Sir James Caird napereka gawo lalikulu. Nchito inatha mu 1928, ndipo Mfumu George V inadza kudzachiona. Mu 1941 bomba la Ajeremani linagwa m'dookomo nilichiononga kunsi.

Kuti munthu adziwe chimene chikanachitika, ayang'ane chombo china chotchedwa Implacable. Ichi chinali cha Afalansa, chinamenya nawo nkhondo ya Trafalgar, ndipo Angerezi anachigwira patangopita masiku ochepa. Chinakhala ndi moyo zaka zina 144. Koma itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndalama zochikonzera zinasowa, ndipo pa 2 December, 1949, anachikokera pa nyanja nachimiza dala, mbendera za Britain ndi France zikuuluka pa icho. Amene analamula sanali anthu oipa. Anali akulu a m'maofesi amene anawerenga ndalama za chaka chimodzi. Lero palibe chuma chimene chingachibwezere.

Ngakhale pouma mabvuto sanathe. Chombo chimamangidwa kuti madzi achinyamule mbali zonse mofanana. Pamene anachikhazika pa zitsulo 22 zokha, kulemera kwake kunayamba kuchiphwatalitsa, nthiti zikutuluka kunja ngati mainchesi 8 m'zaka 40. Tsono anachotsa zitsulozo naika mizati 134, uliwonse ndi makina oyesa kulemera kumene wasenza, ndipo nchitoyi inatha mu 2020. Mdani wina ndi mvula. Madzi a mvula akalowa m'ming'alu matabwa amaola, ndipo thabwa loola limaitana tizilombo tofumbwitsa, timene akhala akulimbana nato chiyambire zaka za m'ma 1930. Nchito ya tsopano ndiyo kukanganula matabwa onse akunja, kuumitsa mafupa a chombo ndi kukhomera ena atsopano. Ambiri mwa matabwa amene akuchotsedwawo si a m'nthawi ya Nelson, koma a amisiri a m'zaka za 1900.

MAU A OTSUTSA

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu, ndipo nzosayenera kuzinyoza. Yoyamba ndi ya ndalama: £40,000,000 zikanamanga zipatala. Kuyankha kwake nkwakuti gawo lalikulu la chumacho si la msonkho. Pamene chombochi chinaperekedwa m'manja mwa bungwe la National Museum of the Royal Navy mu 2012, bungwe la Gosling Foundation linapereka £25,000,000, ndipo unduna wa za chitetezo unaonjezapo zofanana nazo. Zina zimachokera kwa alendo olipira pakhomo. Komanso ndalamazo sizimira m'madzi. Zimalipira amisiri a matabwa, osula zitsulo ndi opota zingwe, zimaphunzitsa anyamata ndi atsikana luso limene likanafa, ndipo alendo amasiya ndalama zina m'mahotela ndi m'masitolo a mzindawo. Chipatala chimene sichinamangidwe chaka chino chingamangidwe chaka chamawa, koma Implacable sichidzayandamanso.

Mfundo yachiwiri njakuti chombochi nchabodza, pakuti matabwa ake ambiri anasinthidwa. Koma mudzi wa makolo umakhalabe womwewo ngakhale udzu wa pa denga usinthidwa, nyumba zigwa ndi kumangidwanso, ndipo mfumu ikafa wina alowa dzina. Chofunika nchakuti okonzawo asaname, ndipo pa ichi osunga Victory aonetsa chitsanzo chabwino. Atapala ndi kuyesa utoto wakale umene unasanjikizana pa matabwa, anapeza kuti maanga achikasu chowala amene anthu anawazolowera sanali a mu 1805. Mu 2015 anachipaka utoto weniweni wa nthawiyo, wotumbuluka ndi wofiirira pang'ono. Ena sanakondwere nao utoto watsopanowo, koma osungawo anatsata umboni, osati chizolowezi.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera koposa: kuti chombochi chimakometsa nkhondo ndi ufumu wopondereza mitundu ina. Choopsacho chiripo ndithu, ngati mlendo angoonetsedwa gome la kazembe ndi kachitsulo konyezimira. Koma mankhwala ake si kuphwasula chombo iai. Ndiwo kumtsitsira mlendoyo ku nsanja ya dotolo, ndi kumuuza zonse.

NKHANI YA UKAPOLO

Zonsezo ziphatikiza ukapolo. Mu June 1805, ali m'chombo chomwechi ku nyanja za West Indies, Nelson analembera kalata Simon Taylor, mwini minda ya nzimbe ndi akapolo ambiri ku Jamaica. Kalatayi inasindikizidwa mu 1807, Nelson atafa, ndi anthu ofuna kuti malonda a akapolo apitirire, ndipo kwadziwika kuti iwo anasintha mau ena. Koma ndi kope losasinthidwa lomwe, limene liri ku British Library, lionetsa kuti iye anali ku mbali ya eni minda, ndi kuti ananyoza chiphunzitso cha William Wilberforce. Nchito ina yaikulu ya zombo za Britain m'masiku amenewo inali kuchinjiriza zisumbu za shuga wolimidwa ndi akapolo.

Komabe mphamvu yomweyo inatembenuka. Nyumba ya malamulo itathetsa malonda a akapolo mu 1807, zombo za nkhondo zinayamba kulonda gombe la kumadzulo kwa Africa mu 1808, ndipo pofika 1860 zinali zitagwira zombo ngati 1,600 ndi kumasula anthu ngati 150,000. Mu 1873 Sultan Barghash wa ku Zanzibar anatseka msika wa akapolo poopa kuti zombozo zizinga chisumbu chake; ambiri mwa ogulitsidwa pa msikawo anali ochokera m'maiko a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ooloka pa Nkhotakota ndi kuyenda pansi kufikira ku Kilwa. Ndiponso mu January 1890, pamene Britain inalamula Portugal kuchotsa asilikali ake ku chigwa cha Shire, Portugal inamvera chifukwa inalibe zombo zolimbana nazo, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa pansi pa Britain. Motero mphamvu imene inakhazikika pa Trafalgar inachinjiriza ukapolo, inathandiza kuuthetsa, ndipo inabweretsa ulamuliro wa atsamunda. Mphunzitsi amene atchula chimodzi cha zitatuzi nabisa zina wanamiza ana.

MZINGA WA PA MANGOCHI

Nyanja ya Malawi nayonso inali ndi chombo chake cha nkhondo. Guendolen chinayandama ku Fort Johnston, kumene tsopano ndi Mangochi, mu 1899. Mu August 1914, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, chinapeza chombo cha Ajeremani, Hermann von Wissmann, chiri pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, nichichiononga. Ndipo ambiri amawerenga ichi monga chipambano choyamba cha Britain cha pa madzi m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Guendolen chinaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1940. Chotsala ndi mzinga wake umene uli pafupi ndi nsanja ya wochi pa Mangochi, ndi chifaniziro cha malo a woongolera m'nyumba yosungiramo zakale ya m'tauni yomweyo. Dzina la Rhoades lidziwika, koma maina a amalinyero a kuno amene anasonkheza moto m'chombomo samveka m'kalasi iriyonse. Madzi akatayika saoleka.

Zombo zina zikalipo. Chauncy Maples, chimene a mishoni ya UMCA anachiyandamitsa mu 1901 atachinyamula zidutswazidutswa kuchokera ku Glasgow, ndi chimodzi mwa zombo zakale koposa zotsala mu Africa, ndipo nchito yochisandutsa chipatala choyenda pa madzi sinatsirizike. Ilala yatumikira anthu a m'mbali mwa nyanja ndi a pa Likoma chiyambire 1951, ndipo tsiku lake lopuma lidzafika. Palibe amene anganene kuti dziko losauka litaye £40,000,000 pa chombo. Koma mbiri ya Victory iphunzitsa kuti chimene chimaononga ndalama zambiri ndi kuchedwa, ndi kuti chimene chimapatsa chombo mtengo ndi kaundula wa anthu ake. Kusunga mabuku a ulendo, mapulani ndi zithunzi ku nyumba ya National Archives ku Zomba, ndi kulemba mau a amalinyero okalamba a ku Monkey Bay akali moyo, sikufuna chuma chambiri. Kufuna mkulu wa mu ofesi amene alamula nthawi isanathe, ndi mphunzitsi amene atuma ana ake a sukulu kukafunsa agogo ao.